Kusamutsa wantchito kupita ku ofesi ina: mafunso amene anthu sasiya kundifunsa

Ndakhala zaka zambiri ku HR ndi ku admin, ndipo pa ntchito zonse zimene zadutsa pa tebulo langa, yosamutsa anthu ndi imene imandiimbitsa mafoni usiku. Mafunso ali pansipa ndi omwe amabwerabwera, ena amachokera kwa mabwana osayina ndalama, ena kwa anzanga a HR omwe angoyamba kumene, ena kwa osamutsidwa eni ake. Ndayamba ndi opepuka, kutsogoloko ndi komwe kuli nkhani ya kuyeza ndi kuyang'anira makampani onyamula katundu.

Kodi relocation imene makampani amanenayi ndi chani kwenikweni, si kungotuma lole basi?

Lole ndi kachidutswa chabe. Relocation ndi dongosolo lonse lomuchotsa munthu pamalo pomwe anakhazikika kukamukhazika pena chifukwa kampani yafuna choncho, kuyambira tsiku lomwe walandira kalata ya transfer mpaka tsiku lomwe ana ake ayamba sukulu kumalo atsopanoko ndipo iye akugwira ntchito mutu uli pamodzi. Banki ikamachotsa manejala ku Limbe kupita naye ku Mzuzu, kampani ya shuga ikamatenga injiniya ku Nchalo kukamuika ku Dwangwa, bungwe likamatumiza ofisala kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mangochi, kapena kampani ya ku Johannesburg ikamabweretsa munthu wake kudzayendetsa fakitale ku Kanengo, zonsezi ndi nkhani imodzi, kungosiyana kukula.

Kuno kwathu si zachilendo. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mabanja ambirimbiri a ogwira ntchito m'boma ananyamuka ndi katundu wawo, ndipo mpaka lero aphunzitsi, apolisi ndi anamwino amadziwa bwino mawu oti posting. Chomwe sitinazolowere ndi kulemba ndi kuwerengera kuti kusamukako kwayenda bwanji.

Kampani imayenera kulipira chani ndi chani?

Zimatengera mgwirizano wa ntchito ndi policy ya kampaniyo, koma zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi izi: kupakira ndi kunyamula katundu, thiransipoti ya munthuyo ndi banja lake, malo ogona a masiku oyamba nyumba isanapezeke, ndalama ya disturbance yothandiza pa tinthu timene kusamuka kumabweretsa monga makatani osakwana pa mawindo atsopano, yunifolomu ya sukulu ina, kulumikiza madzi, ndiponso inshuwalansi ya katundu ali pa msewu.

Chomwe ambiri amaiwala ndi lendi yoyambira. Malandilodi ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafuna miyezi itatu pakamodzi, ena amawonjezera dipoziti, pomwe munthuyo dipoziti yake ya nyumba yakale sanabwezeredwe ndipo mwina analipira kale mpaka mwezi wa mawa. Ngati kampani sithandiza apa, ngakhale ndi ngongole yodula pang'onopang'ono pa salale, munthu amathamangira ku katapila sabata yoyamba yomweyo, ndiye mwayamba naye molakwika.

Tili anthu ochepa pa kampani pathu, policy yolembedwa ndi yofunikadi?

Eya, ngakhale ya masamba awiri. Popanda policy chimachitika ndi chakuti amene amadziwa kulankhula ndi abwana amalandira zambiri, wofatsa amanyamula katundu pa kalole kobwereka kwa mlamu wake, kenako awiriwa amakumana pa tiyi nkuuzana, ndiye chidani chayamba. Lembani kuti ndani akuyenera kulandira chani malingana ndi giredi, malire a masiku a ku lodge, ndani amavomereza zopitirira malire, komanso kusiyana kwa transfer imene kampani yalamula ndi imene munthu wapempha yekha chifukwa cha banja. Ziwirizi siziyenera kufanana ndipo anthu amamvetsa akauzidwa poyamba.

Policy ndi imenenso imakupatsani choyezera. Simungadziwe kuti mwapitirira ngati simunaike mzere.

Ndi bwino kungomupatsa ndalama yonse m'manja kuti adzisamutse yekha, kapena kampani iyendetse?

Njira zonse ziwiri zimagwira, koma kwa anthu osiyana. Mnyamata amene wangoyamba ntchito, katundu wake ndi bedi, firiji yaing'ono, TV ndi masutikesi awiri, mupatseni ndalama yake, amapeza yekha pikapu ndipo amasangalala akatsala ndi kenakake. Koma mayi wa ana atatu, amene akusunganso mwana wa malemu achemwali ake ndi agogo odwaladwala, ali ndi nyumba ya zipinda zinayi yodzadza, matumba khumi a chimanga ndi deep freezer, ameneyo mukamuponyera ndalama nkumuuza kuti Lolemba akapezeke ku Mzuzu, mwamupatsa ntchito yachiwiri pamwamba pa ntchito yake.

Vuto lina la ndalama ya m'manja ndi loti kampani imakhala ngati yatseka maso. Simudziwa kuti inakwana kapena ayi, simudziwa kuti katundu anafika bwanji, mumangodziwa kuti munalipira. Ndiye ngati mwasankha njira imeneyi, funsanibe mafunso amene ndawafotokoza pa nkhani ya kuyeza pansipa. Makampani ena amaphatikiza: lole ndi inshuwalansi amayendetsa okha, zotsalazo amapereka ndalama munthu asankhe yekha. Ine njira imeneyi ndi imene ndimaikonda.

Kampani yonyamula katundu timaisankha bwanji?

Pitani mukaone ndi maso. Pa pepala aliyense ali ndi malole abwino. Kaoneni yadi yawo, lole yake ndi yotseka kapena ndi yapululu yongofunditsa tenti, ali ndi nyumba yosungira katundu youma kapena ayi, anyamata opakira ndi awo enieni kapena amatola aganyu pa msika m'mawa wa tsikulo. Funsani pepala la inshuwalansi ya katundu wa pa msewu muliwerenge nokha tsiku lomwe likutha, funsani TPIN, yomwe ndi nambala yawo ya msonkho, ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti msonkho ali nawo bwino, ndipo pemphani manambala a makampani awiri atatu amene anawasamutsira anthu chaka chathachi muwaimbire. Musafunse kuti "anagwira bwino?" chifukwa Mmalawi sakonda kuipitsa mnzake, amangoti eya. Funsani kuti chinasweka chani ndipo analipira patapita nthawi yaitali bwanji.

Ngati ndi katundu wodutsa malire, pali mabungwe a padziko lonse a makampani osamutsa anthu, monga FIDI yomwe likulu lake lili ku Brussels ndipo ili ndi chiphaso chake chotchedwa FAIM, komanso IAM ya ku America. Kukhala membala si chitsimikizo choti palibe chingalakwike, koma kumasonyeza kuti kampaniyo ili ndi anzake odalirika mbali inayo ndipo muli ndi kokadandaula. Kwa mabungwe aboma, kumbukirani kuti kugula ntchito ngati imeneyi kumadutsa m'malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, ndiye musadikire kalata ya posting ituluke kuti muyambe kufuna ma quotation.

Ma quotation atatu abwera, imodzi ndi yotsika kwambiri. Tingotenga yomweyo?

Musanayang'ane mtengo yang'anani ngati onse atatu akunena za katundu yemweyo. Osamutsa anthu enieni amayamba ndi survey, amabwera kunyumba kapena amapempha vidiyo ya chipinda chilichonse, nkuwerengera kukula kwa katundu mu ma cubic metre. Wina akalemba 25 wina 40 pa nyumba yomweyo, wa 25 uja adzakupezani tsiku losamuka lole itadzadza masofa ali panja, nkumati pakufunika ulendo wachiwiri, ndipo pamenepo mulibe mphamvu yokana.

Onaninso zomwe zili mkati: makatoni ndi zokulungira, kumasula ndi kumanganso mabedi, kukweza pa nyumba ya m'mwamba, ndalama ya pa toll gate ku Chingeni ndi ku Kalinyeke ngati ndi msewu wa Blantyre ndi Lilongwe, malo ogona a anyamata ngati ulendo ndi wa masiku awiri, VAT. Yotsikayo nthawi zambiri imakhala kuti yasiya theka la zimenezi.

Katundu akawonongeka kapena kusowa, amalipira ndani?

Amalipira amene mapepala akumuloza, ndipo ngati mapepala palibe, amalira ndi wantchito wanu. Apa ndifotokoze zomwe ndinaona ndi maso. Chaka china mu January tinasamutsa mayi wina wa ku accounts kuchoka ku Chilomoni kupita ku Area 25, ndipo tinatenga kampani yotsika mtengo, lole yapululu. Mvula inawapeza atadutsa Ntcheu, tenti inali ndi chibowo pakati, madzi anatsikira pa matiresi nkulowa m'makatoni a pansi. Nditafika kunyumba kwawo mawa lake ndinapeza mabuku a ana atayanikidwa pa khonde tsamba ndi tsamba atatsindira ndi timiyala, makina awo osokera amene anasiyiridwa ndi amayi awo ayamba kale dzimbiri, iwo atakhala pa mkeka chete osalankhula. Panalibe mndandanda wa katundu wosayinidwa, inshuwalansi ya lole ija inali ya galimoto yokha osati zomwe yanyamula. Tinakokanakokana miyezi, mayiwo sanapeze kanthu kokwanira, ndipo chaka chisanathe anasiya ntchito. Ndalama imene tinapulumutsa pa lole sinafike ngakhale pa mtengo wolengezetsa malo awo mu nyuzi ndi kuphunzitsa wina.

Chiyambire pamenepo sindilola lole kunyamuka popanda zinthu zitatu. Mndandanda wa katoni iliyonse ndi nambala yake, wosayinidwa ndi mwini katundu komanso kapitawo wa opakira, pokweza ndi potsitsa. Zithunzi za pa foni za zinthu zodula zisanakulungidwe. Ndi inshuwalansi yotchula mtengo wa katunduyo, mwini wake atalemba yekha, osachepetsa pofuna kutsitsa premium, ndalama yogulira inshuwalansiyo, chifukwa polipira adzawerengera pa zomwe munalembazo. Dziwaninso kuti ma inshuwalansi ambiri savomera kulipira zosweka m'katoni imene mwini wake anapakira yekha, ndipo amapereka masiku ochepa oti mudandaule, ndiye makatoni atsegulidwe msanga, asakhale mwezi pa kona.

Kanthu kena: makala musakweze. Pa ma roadblock amalanda ndipo lole yonse ingathe kugwidwa, katundu wa munthu nkugona ku polisi chifukwa cha matumba awiri.

Ndiye tikamati kuyeza pulogalamu yosamutsa anthu, timayeza chani?

Funso ili ndi mtima wa nkhani yonse. Makampani ambiri amayeza chinthu chimodzi, ndalama imene yapita ku lole, chifukwa ndi imene ili pa invoisi. Koma kampani sinasamutse munthu pofuna kuyendetsa masofa, inamusamutsa kuti ntchito ya ku Mzuzu iyende. Ndiye muyeso woyamba ukhale wa munthuyo ndi ntchitoyo.

Ine ndimalemba masiku. Kuchokera tsiku la kalata kufika tsiku lomwe wayamba ntchito kumalo atsopano apita masiku angati. Kuchokera tsiku lomwe wafika kufika tsiku lomwe walowa m'nyumba yake yeniyeni apita angati, chifukwa munthu amene akugona ku lodge ana ali ku Blantyre, thupi lili mu ofesi koma maganizo ali pa basi ya Lachisanu. Masiku a ku lodge amenewa ndi amene amadya bajeti mwakachetechete, ndipo akachuluka amakuuzani kuti vuto silili pa lole, lili pa kapezedwe ka nyumba.

Kenako ndimayang'ana anthu. Mwa omwe tinawapempha kusamuka, angati anakana ndipo anati chifukwa chani. Ngati ambiri akukana malo amodzi, musathamangire kunena kuti ndi amwano, mwina kumeneko kulibe sukulu kapena chipatala, kapena disturbance yanu inaikidwa zinthu zisanakwere. Mwa omwe anasamuka, angati akadali nafe patatha miyezi 12, ndipo angati apempha kubwerera. Nambala imeneyi muifananize ndi ya anthu omwe sanasamutsidwe, mukaona kuti osamutsidwa akuchoka kwambiri ndiye kuti pulogalamu yanu ikukuthamangitsirani anthu abwino, chifukwa nthawi zambiri amene timasamutsa ndi omwe timawadalira.

Chachitatu ndi kufunsa. Kafomu ka mafunso asanu patatha sabata ziwiri, kena patatha miyezi itatu. Ndipo ngati nkotheka funsaninso amene watsala pakhomo, mkazi kapena mwamuna wake, chifukwa wantchito amaopa kudandaula kwa amene amamulipira, amangoti zonse zili bwino bwana, pomwe mnzakeyo ndi amene anaima pa geti kudikira lole mpaka 10 koloko usiku. Funsaninso manejala wa kumalo atsopanoko kuti munthuyu anayamba kugwira mokwanira liti.

Chomaliza ndi zopempha zapadera. Nthawi iliyonse imene wina wapempha kanthu kopitirira policy, lembani. Chaka chikatha mukapeza kuti pafupifupi aliyense anapempha masiku owonjezera a ku lodge, ndiye kuti policy ndi imene yalakwa, ikonzeni, musamavutitse abwana kusayina chinthu chomwecho kakhumi.

Mtengo weniweni wa kusamutsa munthu mmodzi timaupeza bwanji?

Pamafunika kutolera zomwe zamwazika. Lole imalipidwa ku admin, lodge imalowa mu travel, disturbance imadutsa pa payroll, ngongole ya lendi ili ku accounts, mafuta a galimoto imene inapita kukaona nyumba ali pa khadi ya thiransipoti. Aliyense amaona kachidutswa kake nkumati ndi zotchipa. Pemphani a accounts akupatseni code imodzi ya kusamuka kulikonse, chilichonse chokhudza munthuyo chilowe pamenepo, kuphatikiza msonkho umene ndaufotokoza kutsogoloku.

Musanavomereze transfer lembani mtengo womwe mukuyembekeza, ikatha lembani womwe watuluka, kusiyana kwake ndi kumene kumakuphunzitsani. Ndipo pofananiza musasakanize mbeta ndi wa banja lalikulu, kapena ulendo wa Blantyre ndi Zomba ndi wa Nsanje mpaka Karonga, avereji yotero siuza munthu kanthu.

Nanga kampani yonyamulayo timaiyang'anira bwanji tikasayina kontilakiti?

Mu kontilakiti momwemo muikemo zoyezera, zochepa koma zomveka: ayankhe pempho lanu pasanathe masiku angati, afike tsiku lomwe analonjeza, invoisi ifanane ndi quotation pokhapokha munavomereza zowonjezera polemba, madandaulo a zosweka atsekedwe pasanathe masiku angati. Ndiye pa ulendo uliwonse muzilemba eya kapena ayi pa zinayi zimenezi, kuwonjezera maganizo a wosamutsidwa amene mwatenga pa kafomu kaja.

Miyezi itatu iliyonse khalani nawo pansi ndi pepala limenelo. Osati kukawakalipira, koma kuona limodzi. Nthawi zina mupeza kuti olakwa ndinu, mumawauza Lachinayi kuti Loweruka pakufunika lole. Makampani abwino amakonda misonkhano imeneyi chifukwa imawasiyanitsa ndi a ganyu. Ndimalangizanso kukhala ndi awiri, wina wamkulu wina wapambali, ndipo wapambaliyo muzimupatsako ntchito nthawi ndi nthawi kuti tsiku lomwe mwamufuna mwadzidzidzi akudziweni.

Ndipo inunso lipirani pa nthawi yake. Kampani imene mwaisunga miyezi inayi osailipira siidzakupatsani lole yake yabwino.

Mitengo ikakwera pakati pa kontilakiti timatani?

Izi tinaziona tonse. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo onyamula katundu amagula dizilo, matayala ndi ma spare amene amatsatira dola. Kontilakiti ya mtengo wosasintha kwa zaka ziwiri imaoneka yokoma tsiku losayina, koma zinthu zikakwera wonyamulayo amayamba kudula mbali zina, makatoni akale, anyamata ochepa, kuphatikiza katundu wanu ndi wa wina. Kuli bwino kugwirizana poyera kuti gawo la mafuta lizisintha potsatira mtengo umene MERA yalengeza, zina zonse ziunikidwe kamodzi pa chaka. Nthawi ya kusowa kwa mafuta funsani mwachindunji ngati lole yathira kale dizilo wokwanira ulendo wonse isanabwere kudzakweza, kuti katundu wa munthu asakagone pa mzere wa pa filling station. Disturbance nayonso muziiunika chaka ndi chaka, osati kuisiya pomwe inali zaka zisanu zapitazo.

Pali nthawi yabwino yosamutsa anthu?

Ngati ntchito ikulola, tchuthi chachitali cha sukulu, chaka cha maphunziro chikatha chisanayambe china mu September. Nthawi imeneyo kulibe mvula ndipo mwana sasiya teremu pakati. Wantchito amene ali ndi mwana wa Standard 8 kapena Form 4 woti walembetsa kale mayeso a MANEB pa sukulu yake, muyembekezere kuti banja lidzatsala mpaka mayeso atha, ndiye konzekeranitu miyezi ya nyumba ziwiri. Kuyambira December mpaka March samalani, makamaka njira za ku Lower Shire ndi za m'mbali mwa nyanja komwe milatho imakokoloka. Anthu amene anali pa msewu nthawi ya namondwe Ana mu January 2022 kapena Freddy mu March 2023 angakuuzeni.

Mkazi kapena mwamuna wa wosamutsidwayo ali pa ntchito yake, kampani zikuikhudza?

Pa malamulo mwina ayi, koma pa zotsatira kwambiri. Masiku ano mabanja ambiri a m'tauni amadalira masalale awiri, kapena salale ndi bizinesi ya mayi imene makasitomala ake ali ku Limbe ndipo singanyamulidwe pa lole. Mukamusamutsa mmodzi, banjalo limasankha pakati pa kutaya ndalama ya mnzakeyo kapena kukhala motalikirana, lendi ziwiri, mayunitsi a ESCOM awiri, basi sabata iliyonse. Ndaona maukwati akugwedezeka chifukwa cha kalata ya ndime ziwiri.

Simungathetse zonse, koma funsani musanalembe kalata, perekani nthawi yokwanira, ndipo pomwe nkotheka thandizani ndi maulendo obwerera kunyumba miyezi yoyambayo. Pa zifukwa zimene anthu amakanira kapena kusiyira ntchito, zomwe ndanena pa funso la kuyeza, iyi imatuluka kawirikawiri kuposa nkhani ya ndalama.

Kusamutsa munthu kudutsa malire kumasiyana bwanji?

Zonse za pamwambazi zilipo, kuwonjezera mapepala ndi nthawi. Wobwera kudzagwira ntchito kuno amafunika Temporary Employment Permit, imene anthu amangoti TEP, ndipo amene amapempha ku Immigration ndi kampani yomulembayo. Wopita ku nthambi ya kampani yomweyo ku South Africa amafuna intra-company transfer visa imene imafika zaka zinayi. Lamulo langa ndi loti katundu asanyamuke chilolezo chisanatuluke, chifukwa a kasitomu pa katundu wa m'nyumba amafuna kuona kuti mwini wake ali ndi chilolezo chokhala m'dzikolo.

Poti dziko lathu lilibe doko la pa nyanja ya mchere, kontena imatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, kenako msewu. Ya mafiti 20 imalowa ma cubic metre pafupifupi 33, ya mafiti 40 pafupifupi 67. Katundu wochoka ku Johannesburg pa msewu amadutsa Beitbridge, Zimbabwe, Nyamapanda, Tete, nkudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, malire atatu, aliwonse ndi mzere wake. Kontena ikakhalitsa pa doko kudikira mapepala, eni sitima amayamba kuwerenga demurrage, ndalama yolipiritsa pochedwa kubweza kontena, tsiku ndi tsiku mu madola, ndiye pa zoyezera zanu onjezani masiku amene kontena yakhala pa doko ndi pa boda, ndipo mu kontilakiti mulembe kuti kuchedwa kukachokera kwa clearing agent wawo amalipira ndi iwo.

Makampani akuluakulu a padziko lonse nthawi zambiri sayendetsa okha zimenezi, amapereka kwa makampani oyang'anira kusamutsa anthu monga Cartus, Sirva kapena Graebel, ndipo amenewa ndi amene amafuna onyamula ndi opeza nyumba m'dziko lililonse. Ngati ofesi yanu ya kuno ili pansi pa dongosolo lotere, musagone poganiza kuti zonse zikuyendetsedwa kunja. Munthu wa pa kompyuta ku London sadziwa kuti Area 43 ndi Area 47 zimasiyana bwanji, kapena kuti malo a ana ku sukulu za Bishop Mackenzie ndi St Andrew's amafunika kupempheratu. Pemphani lipoti lawo la anthu anu ndipo mulifananize ndi zomwe anthuwo akukuuzani pamaso.

Msonkho umalowa pati?

Zina zomwe kampani imapereka, monga nyumba, galimoto kapena fizi ya ana, MRA imaziona ngati phindu la pa ntchito ndipo pali fringe benefit tax imene amalipira ndi olemba ntchito. Ndalama yoperekedwa m'manja kudzera pa payroll ingathe kudulidwa PAYE, ndiye munthu amene mwamulonjeza ndalama yakuti amalandira yochepa nkumaona ngati mwamunamiza. Khalani ndi a accounts musanalembe kalata, ndipo m'kalatamo munene ngati nambalayo ndi ya msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa. Maiko amasiyana pa nkhaniyi: ku Britain ndalama zina zosamukira mpaka mapaundi 8,000 sizidulidwa msonkho, pomwe ku America kuyambira 2018 ndalama zosamukira za anthu wamba ambiri zinayamba kudulidwa msonkho. Ndiye policy yochokera ku likulu la kunja musangoikopera.

Munthu akasiya ntchito titangomusamutsa, tingamuuze abweze ndalama?

Ngati munagwirizana polemba asananyamuke, ndipo zikhale za chilungamo. Njira yomveka ndi yoti ngongoleyo izichepa mwezi ndi mwezi mpaka ithe pakatha chaka kapena zaka ziwiri, izikhudza ndalama zimene zinagwiradi ntchito zokhala ndi malisiti, ndipo isagwire ngati kampani ndi imene yamuchotsa pochepetsa antchito. Kudula pa malipiro ake omaliza popanda chilolezo chake cholembedwa kungakufikitseni ku ofesi ya leba kapena ku Industrial Relations Court. Kwa abale athu opita kukagwira ntchito kunja, makamaka anamwino ndi osamalira okalamba ku Britain, werengani ndime yotere ya mu kontilakiti yanu kawiri musanasayine, funsani kuti ndalama yake ndi zingati ndipo ikutha liti.

Ndipo wina akachoka msanga chonchi, musathamangire ku calculator kokha. Mufunseni chinavuta ndi chani, yankho lakelo mulilembe pa zoyezera zija.

Timangosamutsa anthu asanu kapena khumi pa chaka, tiyambire pati popanda kugula system yodula?

Excel ikukwana. Mzere umodzi munthu mmodzi: akuchokera kuti kupita kuti, kukula kwa banja, tsiku la kalata, tsiku loyamba ntchito, tsiku lolowa m'nyumba, masiku a ku lodge, wonyamula ndani, quotation, invoisi, chinasweka chani ndipo chinalipidwa liti, zopempha zapadera, zomwe ananena patatha sabata ziwiri ndi miyezi itatu, ndi danga lomaliza loti mudzalembe pakatha miyezi 12 ngati akadali nanu. Failoyo muisunge motsekedwa chifukwa muli nkhani za mabanja a anthu. Yambani ndi kubwerera m'mbuyo, tengani anthu amene munawasamutsa chaka chathachi mudzaze zomwe mungapeze, kenako muwaimbire mmodzi mmodzi. Pa kalendala yanu ikani chikumbutso cha sabata ziwiri kuchokera tsiku lomwe lole yatsitsa, ndipo foni imeneyo muimbe nokha, madzulo munthu ataweruka ali pakhomo, kuti athe kukuuzani ngati madzi akutuluka pa mpopi ndiponso ngati mwana wapeza malo ku sukulu.